Masamba Amene Anagwera Pansi pa Makina

Lolemba m'mawa, madzi a tiyi asanawire n'komwe, a Wailesi analengeza kuti kuchipatala sapita.

"Mwati bwanji, bambo?" anafunsa akazi awo, ketulo ili m'manja.

"Ndati Lachinayi sindipita. Ndikavutitsirenji madokotala ndi diso loti liona masiku owerengeka? Kwatsala tsamba limodzi, mayi. Limodzi lokha basi."

Mayi Guluu anatsitsa ketulo ija pang'onopang'ono, chifukwa akanaitsitsa mmene mtima unkafunira, bwenzi itapindika. Dzina loti Guluu anapatsidwa ndi anzawo kukampani yaing'ono yosindikiza mabuku, kumene anali atasoka ndi kumata mabuku kwa zaka makumi atatu. Fungo la guluu linawalowa m'zala mpaka sopo anagonja. Amuna awo nawonso dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale mumsewu wonsewo. Chipumireni pantchito yosankha makalata kupositi, kawailesi kawo sikankachoka pakhutu. Kuchimbudzi komwe ankapita nako.

Nkhani ya diso sinali yoseweretsa ayi. Lamanzere linafa zaka zitatu zapitazo. Ng'ala inakhwima, eni ake ali mawa, mawa, mpaka diso linatupa n'kuzimiratu. Tsopano lamanja nalo linali litayera ngati mkaka. Dokotala sanapsatire mawu. Anati akatswiri opala ng'ala amabwera kamodzi pachaka, dzina la bamboyo lili pamndandanda wa Lachinayi, ndipo akaphonya ulendo uno, chaka chamawa sipadzakhalanso choti apulumutse.

Ndiye munthu wamkulu, wa zidzukulu, n'kumati sapita. Chifukwa cha buku, abale!

Bukulo a Wailesi analitola kupositi komweko, m'chipinda cha katundu wosowa mwini. Chiswe chinali chitadya chikuto, msana, ndi ngodya zonse zam'munsi pamene pamakhala manambala a masamba. Munali mawu a mlosi wina wa dziko lakutali, ati anafa zaka mazanamazana zapitazo. Dzina lake linapita ndi chiswe, la womasulira chimodzimodzi. Tsamba lililonse linali ndi ndime imodzi kutsogolo, kumbuyo kwake chithunzi chakuda chosadziwika mutu ndi mchira. A Wailesi anabwera nalo kunyumba litamangidwa ndi chingwe, n'kupempha akazi awo kuti akalisoke kuntchito. Iwo anakalisoka bwinobwino n'kuliveka chikuto cha nsalu yobiriwira. Papita zaka khumi ndi zinayi, ndipo palibe sabata imene Mayi Guluu sanadzifunse chifukwa chimene analanda chiswe chakudya chake kukamwa.

Munthu wa kupositi amakhulupirira dongosolo. Kalata ya kuno bokosi ili, ya uko bokosi ilo. Choncho a Wailesi anagamula kuti mlosiyo analemba zinthu motsatana: tsamba loyamba chochitika choyamba, lachiwiri chachiwiri, osadumpha, osabwerera m'mbuyo. Ankakhala pakhonde, buku pamwendo, wailesi pakhutu ili, pensulo kuseri kwa khutu linalo, kudikira kuti dziko lichite zimene zinalembedwa. Tsamba lina linkati, "Mbalame yachitsulo idzamwa madzi amchere." Ndege itagwera m'nyanja kwina kwake, analemba deti m'mphepete mwa tsambalo. Lina linkati, "Mizinda idzamanga pakamwa." Mliri utabwera, anaima pageti n'kumaonetsa aliyense wodutsa. Lina linkati, "Mfumu yadazi idzatulukira khomo lakumbuyo," ndipo mtsogoleri wa dziko lina atathawa asilikali ake omwe, a Wailesi anaomba m'manja ngati timu yawo yagoletsa.

"Koma bambo, pachithunzi cha m'nyuzipepala munthuyu tsitsi lake ndi lambiri kuposa langa," anatero akazi awo.

"Dazi la m'maganizo, mayi. Vuto lanu mumawerenga ndi maso okha."

Kukachitika china chogwirizana bwino ndi ndime kuposa choyamba, ankafufuta deti lakale n'kulemba latsopano. Masamba ena anali atabooka nacho chofufutira.

"Mlosi wanuyu ndi waulemu zedi," Mayi Guluu ankatero. "Sayankhula wailesi isanayankhule."

"Zisekani. Wamisala anaona nkhondo."

Maso atayamba kukana, ntchito yowerenga inagwera mayiwo. M'mawa uliwonse asanathamangire basi ankayenera kuwerenga mokweza ndime imene ankaidikira, nthawi zina kawiri. Sabata yathayo wailesi inanena za chivomezi chimene chinagwetsa mzinda wina kutali, a Wailesi n'kuti tsamba lotsogozana ndi lomaliza lakwaniritsidwa. Lotsalalo linkati: "Dzuwa lidzafunda nsalu yoyera, munthu sadzaonanso nkhope ya mbale wake, ndipo mabuku onse adzatsekedwa."

"Nsalu yoyerayo ili m'diso mwanumo," anatero Mayi Guluu Lolemba limenelo. "Lachinayi akakuchotsani."

"Musamachite chipongwe ndi mawu a anthu akale. Ine ndanena, ndanena."

Mayiwo anatuluka osamwa tiyi. Sanakwiye, chifukwa mkwiyo nawo umafuna mphamvu. Anali atangotopa basi, kutopa kofika m'mafupa.

Ali m'basi, mwana wawo wachitsiriza anaimba foni kuchokera kumene anakwatiwa. Atamva nkhaniyo anati, "Amayi, ingowanamizani kuti mukupita kukaona azakhali, mukwere nawo takisi."

"Iwe, bambo ako chafa ndi diso lokha, mphuno ikugwira. Fungo la chipatala akalimva tisanafike pageti."

"Ndiye mupanga bwanji?"

"Kaya, mwanawe."

Anangoti kaya, koma ankadziwa. Chochita chinalipo chimodzi, ndipo chinali m'dirowa yawo kuntchito.

Chipinda chosokera mabuku chinali kumbuyo kwa makina osindikizira. Chinalibe zenera. Munali tebulo lalitali, poto wa guluu, chopsinjira mabuku chachitsulo, fani imodzi kudenga, ndi makina odulira mapepala, chinthu cholemera ngati galimoto. Makinawo ankayendetsa ndi mkulu wina wotchedwa a Mpeni, amene ankadzitama tsiku ndi tsiku kuti pa zaka zonsezi zala zawo zikadali khumi.

M'chipinda chimenechi ndi mmene munachitikira chinthu chimene a Wailesi sankachidziwa. Tsiku losoka buku lija, Mayi Guluu anamasula chingwe, n'kuika mulu wa masamba patebulo, n'kutembenuka kuti atenge chobowolera. A Mpeni, thukuta lili kamukamu, anayatsa fani. Ha! Masamba aja anauluka chipinda chonse, ena pansi pa tebulo, ena kuseri kwa zitini, lina linakagwera m'poto wa guluu momwe. Anthu awiriwo anakwawa pansi n'kutolera. Manambala kunalibe, ndime zinali zosalumikizana, palibe akanadziwa kuti lotsogola ndi liti. Mayi Guluu anangosanja mmene anatolera, kugogoda patebulo kuti alingane, kubowola, kusoka. Ankati ndi nthano chabe, adzawerenga kamodzi n'kuiwala.

Patatha zaka ziwiri, amakaniko atasuntha makina odulira aja, pansi pake panapezeka masamba ena asanu ndi anayi, fumbi lokhalokha. Nthawi imeneyo amuna awo anali atangopuma pantchito, ndipo chinthu chokhacho chimene chinkawadzutsa pabedi m'mawa chinali bukulo. Mayi Guluu anagwidwa manyazi, chisoni chinawagwiranso. Anapukuta masambawo, kuwaika muenvulopu, n'kuwabisa m'dirowa pansi pa zidutswa za nsalu. Anakhala momwemo zaka khumi ndi ziwiri.

"Mlamu wanga ali bwanji?" anafunsa a Mpeni m'mawa umenewo. "Dziko likutha liti? Ndidziwiretu, ndisavutike kunola mpeniwu."

"Akuti sapita kuchipatala."

A Mpeni anasiya kuseka. Anapukuta manja paovololo n'kukhala pamulu wa mapepala.

"Muwauze, mayi."

"Ndiwauze kuti zaka zonsezi akhala akutsatira fani yanuyi? Munthu walemba madeti mpaka pensulo kutha. Anthu mumsewu amamuseka, iye n'kumapirira poti ali ndi chogwira. Ndimulande?"

"Nanga mukufuna muziwagwira dzanja mpaka kumanda? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Diso lilipo lero, Lachisanu kaya."

Lolemba sananene. Lachiwiri anawerenga ndime ija ya nsalu yoyera monga mwa masiku onse, anatsegula pakamwa kuti anene, n'kungofunsa ngati shuga wakwana m'tiyi. Lachitatu masana anapempha kwa abwana kuti aweruke msanga, anatenga envulopu ija n'kuiika m'chikwama.

Anapeza amuna awo pakhonde, dzuwa likuwaomba kumaso iwo osaphethira. Wailesi inkanena za msonkhano wa mayiko umene unatha popanda mgwirizano. Mayi Guluu anatambasula dzanja n'kuizimitsa. Chikwatiraneni anali asanachitepo zimenezo.

"Aa! Mwadwala kodi?"

"Bambo, ndili ndi mlandu. Mumve kaye mpaka ndimalize."

Anakhala pasitepe n'kufotokoza zonse: chingwe, chobowolera, thukuta la a Mpeni, fani, kukwawa pansi. Sanadzichepetsere mlandu. Anati tsamba limene iwo amalitcha loyamba analitola pafupi ndi chitseko, ndipo la nsalu yoyerali linakhala lomaliza chifukwa ndi lija linagwera m'guluu, ankadikira liume.

"Gwirani kumbuyo kwake mumve, ndi lolimba kuposa anzake. Dongosolo limene mwakhala mukutsatirali si la mlosi. Ndi langa, ine ndi fani."

A Wailesi anatsegula buku kumapeto, n'kupapasa tsamba lija ndi chala chachikulu. Anapapasa nthawi yaitali. Mumsewu munadutsa wogulitsa matsache akukuwa, mpaka mawu ake anazimirira. Mayi Guluu ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo akanakonda kukalipiridwako kusiyana ndi kuona mwamuna wawo akungopapasa tsamba choncho.

"Koma ndege ija inagwa," anatero a Wailesi chapansipansi.

"Inagwa. Ndi zina zinagwa, chisanafike chaka chimenecho ndi pambuyo pake. Nkhondo, zivomezi, mafumu othawa, wailesi yanuyi imanena sabata iliyonse. Ndikanasoka mwa mtundu wina, bwenzi mutapezabe zolemba. Munthu amene anafa asanaone ngakhale njinga akanadziwa bwanji za ndege, bambo?"

Nkhope ya a Wailesi inayamba kuwala pang'onopang'ono, ndipo Mayi Guluu anadziwiratu chimene chikubwera, mtima wawo n'kugwa.

"Mayi, simukuona? Masamba anauluka, inu n'kutola mwachisawawa, koma zonse n'kugwirizana ndithu! Ndiye kuti dzanja lanulo linatsogozedwa. Mlosi anaiona faniyo!"

Mayi Guluu anaseka, kuseka kopanda chimwemwe, misozi ili m'maso. Zaka khumi ndi ziwiri akusenza manyazi, n'kudzawatula, munthu n'kuwasandutsa umboni! Anaona kuti pakhomo limeneli sadutsa ngakhale atagogoda mpaka dzanja kutupa. Anatsegula chikwama.

"Chabwino. Ngati anaiona faniyo, ndiye anaonanso makina odulira mapepala. Tambasulani manja."

Anawaika envulopu m'manja n'kuwauza kumene masambawo anapezeka. A Wailesi anawatulutsa, n'kuwanunkhiza, n'kuwawerenga ndi zala mmene ankawerengera makalata kale, kunyowetsa chala ndi malovu. Anabwereza kawiri.

"Asanu ndi anayi."

"Asanu ndi anayi."

"Pachaka pamakwaniritsidwa anayi, zikachuluka asanu. Ndiye kuti..." Anawerengera ndi zala. "Ndiye kuti mapeto sanafike."

"Za mapeto ine sindikudziwa. Ndikudziwa za mawa, seveni koloko."

"Tandiwerengerani loyambalo."

"Ayi."

"Mayi?"

"Ndakana. Ndakuwerengerani zaka zitatu, basi kundisiya pasiteji, tiyi kuzizira. Awa okha sindiwerenga, ndipo mukapatsa mwana wa aneba kuti akuwerengereni, ndiwaponya pamoto inu muli pompo. Mukufuna kudziwa zili m'menemo, mukawerenge ndi diso lanu."

Anawalanda masamba aja ndi envulopu yomwe n'kulowa m'nyumba. Sanasangalale ngakhale pang'ono, chifukwa ankadziwa kuti chinthu chimene ankadana nacho achiwonjezera okha zaka zina ziwiri.

Lachinayi m'mawa anapeza a Wailesi atavala kale jekete lawo la kupositi, mabatani atasemphanitsa. Mayiwo anakonza mabatani aja, n'kuwagwira pachigongono mpaka pokwerera basi.

Kuchipatala kunali benchi yaitali m'khonde lonunkha mankhwala, nkhalamba zokhazokha, aliyense atamuika kachizindikiro pamwamba pa diso loti apale. Namwino ankadutsa n'kumadonthezera mankhwala m'maso mmodzimmodzi. A Wailesi anakhala mowongoka, kawailesi kali m'thumba kosayatsa. Mzere utasendera, patatsala anthu awiri, anafufuza dzanja la akazi awo n'kuligwira. Linali lozizira.

"Mayi."

"Ee."

"Akalakwitsa, ndilibe lina."

Mayi Guluu anawayang'ana. Pa zonse zimene bamboyu anayankhula sabata imeneyo, za dzuwa, za mafumu, za kutha kwa dziko, mawu awa okha ndi amene anachokera pansi pa mtima. Anamva chisoni chachikulu, anadzidanso kuti sanazione msanga.

"Ndikudziwa," anatero. "Inenso ndikuopa."

"Dziko likatha timathera limodzi tonse. Koma mdimawu ndikhalamo ndekha."

"Mukhalamo ndi ine, wofuna wosafuna. Dzukani, akuitana dzina lanu."

Anawalowetsa. Mayiwo anatsala pabenchi, chikwama pamwendo, n'kumayang'ana kalendala yapakhoma imene inali ya chaka chatha. Anaganiza zotsegula envulopu ija kuti aone chimene mlosi akunena pa za tsikulo, n'kudzitukwana chamumtima. Posakhalitsa a Wailesi anatuluka pa njinga ya odwala, diso litamatidwa ndi thonje ndi pulasitala. Anawagoneka m'wodi, n'kuuza mayiwo kuti abwerenso mawa.

Lachisanu m'mawa Mayi Guluu anafika ndi buku lobiriwira lija, envulopu, ndi pensulo yosongola bwino. Lonjezo ndi lonjezo. Namwino anamatula pulasitala pang'onopang'ono, kupukuta diso, n'kunena kuti atsegule. A Wailesi anaphethira, misozi ikutuluka, n'kutchinga kuwala ndi dzanja.

"Zala zingati izi, agogo?"

"Zitatu. Ndipo chikhadabo chapakaticho n'chothyoka."

Namwino anaseka n'kupita pabedi lina. Mayi Guluu anakhala pampando. Anatulutsa masamba aja n'kuwaika pabulangete.

"Nawa. Koma dokotala wati musawerenge kwambiri sabata ino."

A Wailesi sanawayang'ane masambawo. Ankayang'ana akazi awo, kuyambira pampango umene unali utasendera kumbuyo, pamphumi, m'masaya, mpaka m'zala zong'aluka ndi guluu. Anayang'ana mpaka mayiwo anachita manyazi n'kukoka mpango.

"Usiyeni," anatero a Wailesi. "Imvi zonsezi zabwera liti?"

"Zakhala zikubwera. Inu muli patsamba lakuti, izo zikubwera."

"Ng'alayi ndi ya zaka zitatu zokha."

"Izi zinayamba kale ng'ala isanabwere, bambo."

A Wailesi anatsitsa mutu. Anatenga buku lobiriwira lija, n'kulitsegula pakati, n'kuona madeti awo m'mphepete, ofufutidwa, olembedwanso, mapepala obooka. Anatembenuza masamba angapo osawerenga. Kenako anatseka.

"Za imvizi m'bukumu mulibe," anatero.

"Wailesi nayo sinanene."

Pabedi loyandikana nalo nkhalamba ina inkakangana ndi mwana wake kuti malaya amene anamuveka si ake, ake sanali ofiira chonchi. A Wailesi anasonkhanitsa masamba asanu ndi anayi aja, kuwagogoda pabondo kuti alingane, n'kuwabwezera muenvulopu osayang'ana ngakhale mzere umodzi. Anawapereka kwa akazi awo pamodzi ndi buku.

"Mukawasokere kumapeto. Mmene mungawatolere momwemo."

"Chabwino."

"Koma ulusi musamange mfundo yomaliza. Mwina pansi pa makina paja patsala ena."

Mayi Guluu ankadziwa kuti sipanatsale kanthu. Tsiku losuntha makina lija anasesapo okha, kawiri, mpaka anagwada n'kupapasa simenti ndi manja. Anayang'ana mwamuna wawo, diso lofiira lija likuwayang'anabe osaphethira, ngati likuopa kuti akachoka silidzawapezanso. Anaika envulopu m'chikwama n'kutseka zipi.

"Ndikayang'ana Lolemba," anatero.